Ku Crawley, kuseri kwa golo la Chiamaka Nnadozie

Timu ya amayi ya Brighton & Hove Albion kawirikawiri simenyera mpira ku Brighton. Masewero ake ambiri apakhomo amachitikira ku Crawley, tauni yoyandikana ndi bwalo la ndege la Gatwick, makilomita oposa 30 kuchokera kugombe kumene kuli mzinda wa Brighton weniweniwo. Bwalo lake ndi la Broadfield, pakhomo pa Crawley Town, timu ya abambo ya m'ligi zapansi. Pabwalo lobwereka limeneli ndi pamene amagwirira ntchito Chiamaka Nnadozie wa ku Nigeria, amene bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF lamusankha kukhala goloboyi wa amayi wopambana mu Africa monse zaka zitatu zotsatizana, 2023, 2024 ndi 2025.

Amene anandikokera ku ulendowu ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe amakhala pagolo mu timu ya kusukulu kwawo. Tinanyamuka ku Luton Lamulungu m'mawa pa sitima ya Thameslink, ija imaboola pakati pa London osafuna kuti musinthe. Ikaima pa Blackfriars mumakhala muli pamwamba pa mtsinje wa Thames, chifukwa siteshoniyo anaimanga pa mlatho. Kuchoka apo ndi East Croydon, kenaka minda ndi timidzi mpaka Gatwick, kumene tinatsika n'kukwera basi ya Fastway.

Za Crawley sindinena zambiri. Ndi umodzi mwa matauni amene boma la Britain linakulitsa mwadala nkhondo yachiwiri itatha, kuti anthu achepeko mu London, ndipo maonekedwe ake ndi omwewo: nyumba zofanana, maraundabauti osatha. Chimene chinandikhudza n'chakuti kuno n'kumene kunakhazikika anthu ambiri a ku zilumba za Chagos, aja anasamutsidwa kwawo kuti pa Diego Garcia pamangidwe malo a asilikali. Mukaona chimpira chachikulu chofiira ndi choyera pakati pa raundabauti, dziwani kuti mwafika.

Ine ndinkafuna mpando wa chapakati, kumene mpira umaoneka wonse. Mwanayo anakana. "Amalume, goloboyi samuonerera cham'mbali. Tiyeni kuseri kwa golo." Ndipo anakana ndi zoti tiyambe tagula chakudya, ati tiphonya zokonzekera.

Ananena zoona. Magoloboyi amatuluka okha, anzawo onse asanatuluke, ali ndi mphunzitsi wawowawo. Amayamba ndi mipira yofewa ya m'manja, kenaka yapansi kumanja ndi kumanzere, kenaka yodutsa m'mwamba kuchokera kumbali, n'kumalizira kumenya ndi phazi. Tili pafupi chonchija tinkamva kulira kwa mpira m'magolovesi. Ndinkaganiza kuti ndiona kuuluka. Chimene ndinaona kwambiri ndi mapazi: timasitepe tating'ono tothamanga, kuti pamene mpira ukumenyedwa iye akhale ataima kale poyenera. Golo la amayi ndi chimodzimodzi la abambo, mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba, choncho amene waima polakwika, ngakhale adumphe chotani, wagwa nayo.

Nnadozie anabadwa pa 8 December 2000 ku Orlu, m'chigawo cha Imo, kummwera chakummawa kwa Nigeria. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti bambo ake sankafuna zoti mwana wamkazi azimenya mpira, ndipo amene ankamuikira kumbuyo ndi mayi ake. Nkhani imeneyi mlongo wanga saikonda ndikaikamba, chifukwa kwathu wokaniza anali iyeyo. Nnadozie anakulira mu timu ya Rivers Angels ya ku Port Harcourt, ndipo pofika 2019, ali ndi zaka 18, anali pagolo la Super Falcons, timu ya amayi ya dziko la Nigeria, pa mpikisano wa dziko lonse ku France. Atagonjetsa South Korea 2-0 ku Grenoble, iye anakhala goloboyi wamng'ono kwambiri m'mbiri ya mpikisanowo kumaliza masewero osamwetsedwa chigoli.

Koma masewero amene ine ndimawakumbukira ndi otsatira, a ku Rennes, polimbana ndi eni nthaka. Mphindi zili kumapeto, zigoli palibe, France inapatsidwa penate. Wendie Renard anamenya, mpira n'kugunda mtengo, n'kutuluka. Anthu a ku Nigeria ali pakati pokondwa, a VAR, aja amaunikanso masewero pa kanema, anaitana oyimbira: goloboyi wachoka pamzere mpira usanamenyedwe. Lamulo lakuti phazi limodzi likhale pamzere linali litangoyamba kugwira ntchito mwezi womwewo. Nnadozie anapatsidwa khadi yachikasu, Renard anabwereza, ulendo uno n'kumwetsa, France inapambana 1-0. Mwana wa zaka 18 kulangidwa pa penate imene sanaikhudze n'komwe, dziko lonse likuonerera. Ambiri mtima ukanathera pomwepo.

Iyeyu mapenate anasanduka munda wake. Chaka chomwecho ku Rabat, pa mpikisano wa African Games, anaphula atatu polimbana ndi Cameroon, Nigeria n'kutenga golide. Mu January 2020 anapita ku Paris FC. Osasokoneza ndi Paris Saint-Germain kumene Tabitha Chawinga wathu anaseweretsako. Paris FC ndi inzake ya mumzinda momwemo, yathumba lopepukirapo. Ndi timu imeneyo mu 2023 anatulutsa Arsenal mu ndime zachipulula za Champions League, iye ataphula mapenate a Frida Maanum ndi Alessia Russo, kenaka anatulutsanso Wolfsburg. Mu May 2025 Paris FC inatenga chikho cha Coupe de France pogonjetsa PSG pa mapenate, iye ataphula awiri. Anatsanzika nacho chikho chimenecho, n'kubwera kuno ku England.

Penate yotchuka kwambiri ndi ya ku Melbourne pa 21 July 2023, Nigeria ikusewera ndi Canada pa mpikisano wa dziko lonse. Christine Sinclair wa ku Canada, mayi wa zigoli 190 za dziko lake, zoposa za wosewera wina aliyense wamwamuna kapena wamkazi, akanamwetsa penate ija akanakhala munthu woyamba kugoletsa m'mipikisano isanu ndi umodzi ya dziko lonse. Nnadozie anagwera pansi chakumanzere kwake n'kuukankha. Masewero anathera 0-0. Mapenate salemekeza munthu komabe: patangopita milungu iwiri ndi masiku ochepa, ku Brisbane, England inatulutsa Nigeria pa mapenate 4-2, iye osaphulako ndi imodzi yomwe.

Zonsezi n'zimene zimayenda pa YouTube. Zimene tinaona ku Broadfield n'zina. Kwa nthawi yaitali mpira unali kutsidya, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa, koma iye sanaime duu. Timu yake ikakankhira kutsogolo, nayenso amasendera mpaka kunja kwa bokosi, kudikira mpira wautali wodumpha otchinga kumbuyo. Ikabwerera, nayenso abwerera. Ndipo pakamwa sipatsekeka: uyu amuuze asendere, uyo amuchenjeze kuti kumbuyo kwake kuli munthu, pa kona aloze aliyense womugwira. Mipira yoopsa yambiri inafera m'mawu amenewa isanabadwe, ndipo palibe amene anaiwombera m'manja. Ntchitoyi ili ngati ya mlonda wausiku: kukacha bwino anthu amati kunalibe akuba.

Mwana uja anandigwira mkono nthawi ina. "Taonani oyimbira, amalume, akuwerenga ndi zala." Ndi lamulo latsopano la 2025: goloboyi akagwira mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona, ndipo oyimbira amakweza dzanja kuwerenga masekondi asanu omalizira. Kale malire anali masekondi 6, koma ndi oyimbira ochepa amene ankalabadira. Tsopano goloboyi ayenera kudziwa kumene aponyere mpira asanaugwire n'komwe. Wa masiku ano amayembekezekanso kulandira mpira ndi phazi, wotsutsana naye akumuthamangira, n'kuupereka bwino kwa mnzake. Aja ankangoti bola kuuchotsa, ugwere kumene ugwere, ntchito inawathera.

Pa nthawi yopuma tinacheza ndi mayi wina wa ku Nigeria amene anadzifunda mbendera yobiriwira ndi yoyera pamwamba pa chijasi. Atamva kuti ndife a ku Malawi anatchula Chawinga nthawi yomweyo, kenaka, mosabisa chimwemwe, anatikumbutsa za anansi athu. Mu July 2025 ku Casablanca, Nigeria inakwapula Zambia 5-0 mu kotafainolo ya WAFCON, chikho cha amayi cha maiko a mu Africa, katswiri wa Zambia Barbra Banda ali m'bwalo momwemo. Abale a ku Chipata ndi ku Lusaka mundikhululukire, sindinayambitse ndine. Mu fainolo ku Rabat Nigeria inali kumbuyo 2-0 kwa Morocco, n'kutembenuza zinthu kupambana 3-2, chikho chake chakhumi, ndipo Nnadozie anasankhidwa goloboyi wopambana wa mpikisanowo.

Kutchula Chawinga kuja kunandisiya ndi maganizo. Ife tatumiza kunja omwetsa zigoli amene dziko likuwadziwa: Tabitha ku Lyon, Temwa ku Kansas City Current, kumene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America. Koma ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia 2-1, ndi angati mwa ife tinasunga dzina la amene anali pagolo? Pa mpira wa chikulunga umene ine ndinakulira, pagolo pankapita wotsalira posankhana, kapena wamng'ono amene sangakane. Pabwalo la fumbi ndi timiyala, wopanda magolovesi, wopanda womuphunzitsa kagwedwe, mtsikana wanzeru zake angadziponye pansi chifukwa chiyani? Womwetsa zigoli angathe kudziphunzitsa zambiri yekha ndi mpira ndi khoma. Goloboyi amafuna munthu womuponyera mipira, womuyang'ana mapazi, womuuza kuti apa waima polakwika. Ndikanakhala ndi mawu kumene amagawa ndalama za mpira wa atsikana, ndikanayambira pa aphunzitsi a magoloboyi.

Masewero atatha osewera anazungulira bwalo kuthokoza ochemerera, ndipo ana anathamangira kumpanda ndi mapepala ndi mafoni. Wathuyu anapita atanyamula magolovesi ake a kusukulu. Ine ndinatsalira ndikuyang'ana nthawi ya basi, chifukwa Lamulungu zoyendera zimachepa. Amene mukufuna kupita, yambani mwaona kumene masewerowo aikidwa musanagule tikiti ya sitima: ena akuluakulu amawapititsa ku bwalo la Amex ku Falmer, kufupi ndi Brighton, ndipo kumeneko simutsikira ku Gatwick.