Masiku anayi mu minibasi, sipika ili pa miyendo

Anthu akamationa pa siteji amangoona maola atatu aja basi, magetsi akuthwanima, iwo akuvina ife tikumwetulira. Ine ndimayimba besi mu kabandi kathu kakang'ono ka ku Blantyre kuno, chaka chachisanu ndi chimodzi chino, ndiye lero ndati ndilembeko za ulendo wathu wa kumapeto kwa mwezi wathawu zinthu zidakali m'mutu, komanso msana udakawawabe.

Timakhala anthu naini mu galimoto. Oyimba zida tilipo asanu, kenako akulu athu amene amatsogolera nyimbo, achemwali amene amathandizira mawu, mfana wa saundi ndi adalaivala. Galimoto si yathu ayi, timachita hayala minibasi, ndiye usiku woti mawa tinyamuka timachotsa mipando iwiri yakumbuyo nkulonga masipika akuluakulu pansi, ma ampu pamwamba pake, miksa timaikulunga mu bulangete ngati khanda, madiramu m'mipata momwe mwatsala, jenereta cha kukhomo kuti fungo la petulo lizitulukako. Zikatha kulowa zimenezo ndiye anthu timalowa pomaliza, aliyense ndi kena kake pa miyendo. Ine kuchoka ku Ndirande mpaka ku Salima ndinanyamula monita, kasipika komwe timadzimverera tokha pa siteji, moti pofika miyendo inali itachita dzanzi osamva chilichonse.

Shoo sitimangoika tsiku lililonse. Timayang'ana pomwe anthu ali ndi ndalama m'thumba, ndiye ndi kumapeto kwa mwezi basi, kapena nyengo ya fodya kuyambira cha mu Epulo misika ikatsegulidwa, apo ku Kasungu ndi ku Mchinji kumakhala bho. Januwale ndi Febuluwale iwalani, munthu akusaka chimanga ndi fizi ya ana sangalipire pa geti, kuwonjezera apo mvula, poti malo ambiri omwe timayimba ndi apanja. Ulendo uno tinakonza kuti Lachisanu Salima, Loweruka Dwangwa poti anthu a ku nzimbe amakhala atalandira, Lamulungu masana Mzuzu, Lolemba kubwerera.

Tinadzuka folo koloko m'mawa. Pa Zalewa apolisi anatiimitsa monga mwa nthawi zonse, kuyang'ana katundu, kufunsa kuti a bandi mukupita kuti, ndipo mmodzi anafuna kuona gitala ndi maso ake ndiye tinatsegula kesi. Tinagula tchipisi cha pa chiwaya pompo nkumadyera m'galimoto chifukwa kuima nthawi yaitali ndi kuluza nthawi ya saundi cheki, yoyesa zida ndi mawu shoo isanayambe. Msewu wodzera ku Golomoti ndi ku Chipoka ndimaukonda, malambe mbali zonse, phiri kumanzere, koma kutentha kwake mukhale muli naini ndi katundu mu Hiace, aliyense amangokhala chete.

Ku Salima zinthu sizinayende. Munthu amene anatiitana analonjeza kuti amata mapositala sabata yathunthu ndi kulengeza pa wailesi ya m'deralo, koma titafika tinapeza positala imodzi yokha pa khomo la malowo, anthu pa msika osadziwa nkomwe kuti kuli shoo. Tinatenga sipika imodzi nkuyika pamwamba pa minibasi kuzungulira tauni yonse mpaka ku Kamuzu Road tikulengeza tokha, mafuta omwe timawerengera a mawa akupita. Cha m'ma eyiti tili pa nyimbo yachitatu magetsi phethi. Mfana wa saundi anathamanga mu mdima kukaliza jenereta, wa madiramu sanasiye, anapitiriza yekha ndipo anthu ochepa omwe analipo aja anayamba kuwomba m'manja motsatira mpaka mawu anabwerera. Zimenezo zinandikhudza kwambiri, koma anthu anali ochepa ndithu, ndipo tonse timadziwa tanthauzo lake tikuyimba choncho.

Apa ndi pomwe ndimafuna ndikhalitsepo, nkhani ya ndalama, chifukwa mabandi ambiri omwe ndawaona akutha sanathe chifukwa chosadziwa kuyimba. Amatha usiku ngati umenewu, shoo ikatha mtsogoleri nkulowa kuseri ndi mwini malo, nkutuluka ndi nkhope yogwa kuti anyamata lero sizinayende, aliyense nkupatsidwa ya sopo, ndiye iwe sukudziwa kuti pa geti panalowa zingati, mtima umayamba kuwerengera wokha ndipo ukayamba choncho suzasiyanso. Kwathu akulu athu anakhazikitsa lamulo kuyambira kale: pa geti pamakhala munthu wathu mmodzi pamodzi ndi wa mwini malo, matikiti timawerenga tisanayambe ndi pomaliza, ndipo ndalama zonse, za m'manja ndi zomwe zalowa pa Mpamba kapena Airtel Money, zimawerengedwa pa bedi ku resiti hausi tonse tili pompo chitseko chotseka. Poyamba timachotsa ya galimoto ndi mafuta, kenako ya adalaivala ndi mfana wa saundi chifukwa iwo sakwera pa siteji, saomberedwa m'manja, koma ndi amene amayamba kudzuka nkumaliza kugona. Kenako kachigawo kosungira zida zikawonongeka. Zotsalazo ndiye timagawana, ndipo akulu athu amatenga mofanana ndi ife ngakhale nyimbo zambiri analemba ndi iwo. Usiku wa ku Salima zotsalazo zinali zoti munthu ugule yuniti ndi nsima ya mawa basi. Panalibe amene anakwiya. Tinaziona tonse ndi maso athu zili pa bedi paja.

Ndipo zinthu zadula abale. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha bandi chinakwera chifukwa palibe chomwe chimapangidwa konkuno, mawaya a gitala, zikopa za madiramu, makebo, zonse zimachokera kunja, zambiri timachita kutuma anthu opita ku Joni. Mawaya a besi yanga ndimawawiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke mawu abwerereko, ndawiritsa kawiri seti yomwe ndili nayoyi. Nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2022 tinagonapo pa filing'i siteshoni usiku wonse pa mzere, shoo nkulephereka anthu atagula kale matikiti. Koma mtengo wa pa geti sungangoukweza, anthu ako ndi omwewo amene akuvutika ngati iwe.

Kogona timatenga zipinda zitatu. Achemwali chawo okha, zimenezo sitikambirana nkomwe ngakhale ndalama zichepe bwanji, ena tonse timapanikizana ziwirizo matiresi pansi, ndipo mmodzi amagona mu galimoto kulondera zida, timasinthana. Kunena zoona achemwali athuwa amakumana ndi zambiri kuposa ife. Anthu oledzera amafuna kukwera pa siteji kuzawagwira, ena amaganiza kuti mkazi woyimba usiku ndiye kuti ndi wa aliyense, pomwe ndi mayi wa ana awiri amene amaimba foni kunyumba shoo isanayambe kufunsa ngati ana adya. Ndiye tikamatsika pa siteji amakhala pakati pathu mpaka mu galimoto.

Dwangwa inatipukuta misozi. Anthu anayamba kulowa dzuwa lisanalowe, pofika teni malo anali atadzaza, fumbi kobo, ndipo pali kanthu kena kamachitika besi ndi diramu zikagwirizana bwinobwino, umaona anthu mazana akusuntha pamodzi ndi chala chako, sindidziwa kuti ndingakufotokozereni bwanji. Bambo wina wachikulire atavala jombo za kuntchito anaima kutsogolo kwanga usiku wonse, osavina, kumangoyang'ana zala zanga, pomaliza anabwera nkundigwira dzanja ndi manja awiri nkunena kuti naye ankayimba besi kale asanagulitse gitala yake mwana atadwala. Tinacheza mwina mphindi zisanu zokha poti timayenera kupakira. Ndakhala ndikumuganiza sabata yonseyi.

Tinagona maola atatu nkunyamuka. Tisanafike pa Chintheche tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo kuti jeki inyamule galimoto tinayenera kutsitsa katundu yense m'mbali mwa msewu, kenako nkupeza kuti sipeya nayo ilibe mpweya wokwanira. Adalaivala anakwera kabaza ndi tayala kukasaka pompa. Tili chikhalire pamenepo mayi wina wa nyumba yapafupi anatiitana, anatipatsa kondowole ndi usipa, sanafunse kuti ndife ndani mpaka titamaliza kudya, ndalama anakana. Ana anazungulira madiramu ndiye mnzathu anawalola aliyense amenyeko kamodzi. Titadutsa minda ya raba ija cha ku Nkhata Bay, komwe anyamata amagulitsa mipira yopanga okha m'mbali mwa msewu, tinayamba chikweza cha ku Mzuzu galimoto ikulira ngati ithyoka, tinafika mochedwa ndi maola awiri, anthu atakhala kale pa mipando ndi ana awo. Saundi cheki tinapanga iwo akuonerera. Akulu athu anapepesa nkupereka moni kuti monire mose, anthu anasekerera nkuyankha, basi shoo inayenda.

Tinaganiza zobwerera usiku womwewo kuti tisalipirenso zipinda ndi tsiku lina la hayala. Amene anadutsapo mu Chikangawa usiku akudziwa, chifunga choti suona ngakhale mamita ochepa kutsogolo, kuzizira kolowa m'mafupa, malole a matabwa akutulukira pa kona mwadzidzidzi. Lamulo lathu lina ndi loti wokhala kutsogolo sagona, ntchito yake ndi kucheza ndi adalaivala, ndiye inali nthawi yanga. Tinakamba za mpira, za feteleza, za mwana wawo amene akulemba Fomu 4 chaka chino, pa Jenda tinamwa tiyi wa mu fulasiki. Kumbuyo onse anali atagona mitu itatsamira masipika. Kunayamba kucha tikuyandikira Lilongwe, tinalipira pa toll gate ya Kalinyeke ndi ya Chingeni ndi ndalama zomwe tinapatula kale mu envelopu yake, pa Lizulu aliyense anagula kachewere ndi kabichi wopita naye kunyumba, nkuwonjezeranso katundu pa miyendo.

Ndinafika pakhomo cha m'ma thuu masana. Mwana wanga anathamangira kesi ya gitala osati ine, amakonda kuinyamula ngakhale ndi yaitali kumuposa. Ndinapereka envelopu kwa mayi ake, anawerenga, ya lendi inakwana ndi kotsalako pang'ono. Lachiwiri ndinali kale pa benchi yanga yokonza mafoni ku Limbe, ndipo Lachitatu madzulo tili ndi pulakatisi, akuti mwezi uno kuli Mulanje ndi Luchenza ngati mwini minibasi savuta pa mtengo.