Kachizindikiro kamodzi kanatsegula foda yonse

Sabata ino ndikadali ndi mkwiyo, ndiye ndiyambira Lachinayi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse pa ntchito yanga yoyang'anira seva (kompyuta yosunga webusayiti) ya kuofesi kwathu: mabakapu, maimelo okana kupita, setifiketi ya SSL (yotetezera webusayiti) yomwe inkatha.

Nkhani inayamba ndi favicon, kachithunzi kakang'ono kamene kamaoneka pa tabu ya brauza. Abwana anadandaula kuti pa foni ya mkazi wawo sikaoneka, koma pa kompyuta ya muofesi kalipo. Nditayang'ana mu access log, momwe seva imalemba pempho lililonse lofika, ndinapeza 401 yokhayokha, yankho lotanthauza kuti pakufunika pasiwedi. Amene anamanga webusayitiyi anaika favicon.ico mu foda ya antchito, yomwe ili ndi pasiwedi, kenako tsamba la anthu onse n'kumaloza komweko. Wamuofesi amene walowa kale amakaona, mlendo Apache, pulogalamu yoyendetsa webusayiti pa seva, imamukaniza. Ndinawauza kuti ndikonza Lachitatu ndikachoka ku maliro.

Sanadikire. Anaitana mnyamata wa ganyu, n'kumupatsa pasiwedi ya seva osandiuza.

Lachinayi m'mawa kachizindikiro kankaonekadi. Koma brauza sindiikhulupirira pa nkhani ya favicon, imasunga kakale kwa masiku, choncho ndinayesa ndi curl -I, lamulo lofunsa seva mwachindunji. Favicon inayankha 200, kutanthauza kuti yaperekedwa bwinobwino. Mwachizolowezi ndinayesanso fayilo ya malipiro a antchito mu foda yomweyo. Nayonso 200. Popanda pasiwedi! Thukuta linatuluka m'manja. Nditatsegula .htaccess, fayilo ya malamulo a fodayo, ndinapeza Satisfy Any ndi Allow from all zili pamwamba penipeni, kunja kwa <Files>, gawo limene likanachititsa kuti zigwire pa favicon yokha. Mizere imeneyi ndi ya Apache 2.2, koma pa 2.4 imagwirabe ntchito ngati mod_access_compat, gawo lolola malamulo akale, ili yoyatsa, ndipo kwathu inali yoyatsa. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense alowe, kaya ali ndi pasiwedi kaya alibe. Foda inakhala yotseguka kwa aliyense usiku wonse.

Kukonza sikunanditengere mphindi zisanu. Ndinafufuta mizereyo, ndinasamutsira favicon.ico ku foda yaikulu kumene brauza imakafuna yokha, n'kusintha link ya patsamba. Chinandidyera tsiku ndi kuwerenga log mzere ndi mzere kuti ndione ngati wina anatsitsa mafayilo aja. Ndinapeza maroboti osakasaka okha, ndipo sanafike pa malipiro.

Mnyamatayo sindimuda, anakopera zimene anapeza pa intaneti. Chimandiwawa n'chakuti chaka chino ndapempha kawiri seva yoyeserera, yankho n'lakuti ndalama palibe, ndipo chilichonse timayesera pa seva yomwe anthu akugwiritsa ntchito. Lachisanu ndinasintha mapasiwedi onse, n'kulemba kalata yachitatu.