Kandalama ka ku Tranquebar ndi madala a pa msika

Tulo takana ndiye ndingolemba basi. Lero pa msika wa zinthu zakale kuno ku Copenhagen ndinakumana ndi madala ena ake ogulitsa makobidi, anayala tebulo pafupi ndi mayi wa makapu. Ine nkhani ya ndalama zakale inandilowa kalekale ndili mwana, chifukwa cha peni yobooka pakati ya nthawi ya Federation yomwe agogo ankasunga m'kachitini, ndiye ndikaona tebulo lotere miyendo imaima yokha.

M'kambale kena munali tindalama tamkuwa tating'ono ngati khobwe, takuda, tosazungulira bwino. Madalawo akuti za ku Tranquebar zimenezo. Tranquebar ndi tawuni ya m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa India, eni ake amati Tharangambadi, ma Danish anakhazikikako mu 1620 atagwirizana ndi mfumu ya ku Thanjavur nkumanga linga la Dansborg, anadzagulitsa malowo kwa Angerezi mu 1845. Ndalama zake zinkatchedwa kas, ndipo kas 80 ndiye zimakwana fano imodzi yasiliva, ndiye mutha kuona kuti zinali zogulira ndiwo, zosungidwa ndi amayi a pa msika ndi asodzi.

Tinayamba kukangana pa kamodzi. Mbali imodzi kali ndi chisoti chachifumu, pansi pake C ndi nambala mkati, mbali inayo zilembo DAC zolukanalukana, kutanthauza kampani ya Dansk Asiatisk Compagni yomwe inayamba mu 1732. Iwo akuti ndi C6, kutanthauza mfumu Christian VI ya ku Denmark, ine ndikuti ayi bambo taonetsetsani, mutu wa nambalayo ndi wowongoka, ameneyo ndi 7. Vuto lake tindalama timeneti ankatisula pamanja, kachitsulo kamakhala kakang'ono kuposa chidindo ndiye theka la chithunzi limatsala panja, chaka sichioneka. Christian VI analamulira 1730 mpaka 1746, Christian VII 1766 mpaka 1808, onse awiri ali ndi ndalama za DAC, ndiye zilembozo sizikuthandiza. Tinasinthana galasi lokulitsira, iwo kupendeketsa, ine kupendeketsa, mpaka tinaseka. Mpaka apo zinali bwino ndithu, ndinasangalala kupeza munthu wodziwa zinthu.

Kenako akukulunga kandalama kanga m'pepala anangoti, mukudziwa, ife a Denmark sitinali atsamunda enieni, tinkangochita malonda basi. Ananena mofatsa, mwaulemu, ndipo ndikukhulupirira kuti amakhulupiriradi zimenezo. Ine mtima unangoti phwii. Chifukwa pa tebulo lawo lomwelo, kutsogolo kwa dzanja lawo, panali 10 cents ya 1859 ya ku Danish West Indies, zilumba za ku Caribbean zomwe zinali m'manja mwa Denmark, mutu wa mfumu Frederik VII mbali imodzi, mbali inayo nzimbe. Ndinailoza nkufunsa kuti nanga nzimbe izi ankadula ndani? Anthu otengedwa ku Africa, ambiri kudzera ku malinga a ma Danish ku Gold Coast monga Christiansborg yomwe ili ku Accra mpaka lero, kukawagwiritsa ntchito m'minda ya shuga ku St. Croix, St. Thomas ndi St. John. Ukapolo unatha mu 1848 anthu a ku St. Croix atauka okha kukazinga linga ku Frederiksted, koma malamulo a ntchito omwe anabwera pambuyo pake anawamangirirabe m'minda momwemo mpaka mu 1878 anatentha minda ndi nyumba, ndipo amayi anali kutsogolo, mmodzi wa iwo Mary Thomas. Ndalama ya nzimbeyo inasulidwa pakati pa zaka ziwirizo. Mu 1917 zilumbazo zinagulitsidwa kwa America pa madola 25 miliyoni, boma osawafunsa nkomwe anthu ake.

Sindinanene zonsezi, ndinangonena pang'ono, mawu amanjenjemera. Madalawo anakhala chete, kenako akuti eya, kusukulu kwathu nthawi imeneyo sankaphunzitsa zambiri. Sanakwiye, anandichotseranso mtengo pang'ono, ndipo chimenecho nchimene chikundisowetsa mtendere, sindikudziwa ngati kunali kupepesa kapena kufuna kuti ndichoke msanga.

Chomwe chikundivuta china ndi chakuti inenso ndimazikonda ndalamazi. Ndimakonda kulemera kwake m'manja, ndimakonda kuthera usiku ndikusaka ngati ndi F4 kapena F5, mfumu Frederik IV kapena V, ndimalakalaka tsiku lina nditapeza ka mtovu ka nthawi ya Christian IV kolembedwa dzina la sitima yapamadzi. M'makatalogu amangolemba chaka, kulemera, chitsulo chake ndi kusowa kwake, za munthu amene analandira kandalamako atadula nzimbe tsiku lonse mulibe, ndipo inenso pa timakhadi tanga ndimalemba zomwezo.

Ya nzimbe ija sindinagule. Panopa ndikuganiza zobwererako sabata yamawa ngati madalawo adzakhalepo, ndikaigule, pa khadi lake ndikalembe 1848 ndi 1878 pansi pa 1859. Komanso nkhani ya 6 ndi 7 ija sinathe, ndayang'ananso ndi tochi ya foni ndipo ndikuonabe 7, koma mwina iwo ali ndi buku la zithunzi kunyumba, ndikawapempha abwere nalo.