Pa Knockan Crag, pamene mwala wakale unakwera pamwamba pa waposachedwa

Tinanyamuka ku Ullapool m'mawa kukuwaza mvula yamawawa, ndipo titayenda makilomita pafupifupi 20 kulowera kumpoto tinafika pa Knockan Crag, chitunda cha ku Scotland chimene munthu wosadziwa mbiri yake angachidutse osacheuka n'komwe. Ine chimene ndinadzera ndi mzere umodzi wokha wa m'thanthwe.

Kanjira kokwerera kumeneko n'koterera, moti pofika pamalopo nsapato zanga zinali zitamwa kale madzi. Pansi pali mwala wotuwa wa laimu, wa zaka pafupifupi 500 miliyoni, ndipo pamwamba pake pakhala mwala wakuda wotchedwa Moine, wa zaka pafupifupi 1 biliyoni. Ndinaika dzanja pamene miyala iwiriyi yakumana, chala chachikulu pa wotuwawo, zala zinazo pa wakudawo. Mwala wakale umayenera kukhala pansi popeza ndiwo unayamba kuyalidwa, koma apa zinthu zili chadodolido.

Mzere umenewu unayambanitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Roderick Murchison, amene anali mkulu wa bungwe la boma lofufuza za miyala ku Britain, ankaumirira kuti miyalayi inangosanjikizana mwadongosolo, ndiye kuti wapamwambawo ndiwo waposachedwa. James Nicol wa ku yunivesite ya Aberdeen anatsutsa, nanena kuti nthaka inasweka ndi kusuntha, koma mawu a bwana analemera kuposa ake, ndipo iye anamwalira mu 1879 mfundo yake isanavomerezedwe.

Amene anathetsa mkanganowu, m'kuona kwanga, si olankhula bwino pamisonkhano koma oyenda pansi. Mu 1882 ndi 1883 katswiri wina wa miyala, Charles Lapworth, anakhala m'mbali mwa Loch Eriboll, nyanja ya kumpoto kwa Scotland kumene mzere womwewu umaonekanso, akutsata thanthwe lililonse ndi kulilemba pamapu mosadumpha kanthu, mpaka mapuwo anaonetsa okha kuti miyala inakankhidwa cham'mbali n'kukwerana. Archibald Geikie, mkulu wa bungwe la boma lija pa nthawiyo, yemwe anali kumbali ya Murchison, anatumiza akatswiri ake awiri, Ben Peach ndi John Horne, kukafufuza dera lomwelo, koma zimene anabwera nazo zinagwirizana ndi Lapworth, ndipo mu 1884 Geikie anavomera poyera. Lipoti lalikulu la Peach ndi Horne ndi anzawo linatuluka mu 1907. Ziboliboli za awiriwa zili m'munsi mwa chitundachi, ndipo ndinaima nazo kanthawi pousa mvula imene sinkafuna kukata.

Mapu anaonetsa chimene chinachitika, koma chimene chinakankha miyalayo chinali chisanadziwike. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti dziko likufota pamene likuzizira, ndipo mapiri ndi makwinya ake, ngati khungu la chipatso chouma. Kufota kotereku kunali kovuta kukugwirizanitsa ndi chimwala chosunthidwa makilomita ambirimbiri kulowera kumadzulo. Yankho linakhazikika m'zaka za m'ma 1960, atazindikira kuti chigoba cha dziko chili m'zidutswa zoyenda pang'onopang'ono. Kuno nyanja yakale yotchedwa Iapetus inatsekeka, zigawo za mtunda zinawombana, ndipo zaka pafupifupi 430 miliyoni zapitazo mwala wa Moine unakwera pa unzakewo.

Ndisanatsike ndinayang'anitsitsa mwala wa pamzere penipenipo. Uli ndi timizere topyapyala ngati masamba a buku lonyowa, chifukwa unaperedwa pakati pa miyala iwiriyo. Lapworth anautcha mylonite, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mphero.