Zikomo nonse: mawu abwerera, ine ndabwerera kumudzi

Abale ndi alongo, anzanga a ntchito, ndi inu nonse amene mwakhala mukundionera pa kanema zaka zonsezi, ndati ndikuthokozeni poyera. Ambiri mudaona kuti ndasowa pa nkhani za madzulo, ena mpaka mudafunsa abale anga ngati ndili moyo. Ndili moyo ndithu. Vuto lidali kummero. Mawu adayamba kusasa, kenaka adatsekeratu, ndipo madokotala adapeza kachotupa pa timinofu totulutsa mawu. Atandichita opaleshoni adandilamula kukhala chete, ngakhale kunong'ona adandiletsa. Tangoganizani munthu amene wadyera pakamwa moyo wake wonse akupempha madzi akumwa polemba m'kope! Pano mawu abwerera, ngakhale si aja mudawazolowera, choncho ndasankha kupuma pa ntchito. Ndili kuno kwathu ku Kasungu.

Madokotala ndi anamwino amene mudandisamala, Mulungu akudalitseni. Amayi a Chigwirizano, mudabwera ndi ufa, nkhuku ndi nyimbo, ndipo mudapirira kucheza ndi wodwala wongoyankha ndi mutu. Achemwali anga adasiya dimba lawo pa nthawi ya tomato kuti adzandidikirire kuchipatala. Achemwali, ngongole imeneyo sindidzatha kubweza.

Koma pali ena amene sindidawathokozepo pagulu chiyambire ntchitoyi, ndipo ndi amene andichititsa kulemba zonsezi.

Television Malawi itayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999 ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, Amalawi adali atazolowera wailesi ya MBC kuyambira 1964. Ankadziwa mawu a aulutsi, nkhope ayi. Ife amene tidalowa ntchito ya kanema zaka zoyambirirazo tinkaphunzira tikugwira: poyang'ana, pokhazika manja, chovala chimene kamera imakana. Chithunzi chitayamba kufika kwathu, malemu mayi anga ankayenda wapansi madzulo kupita kunyumba ya aphunzitsi kumene kudali kanema wa batire ya galimoto. Sankamvetsera nkhani iwo, ankangoona ngati mwana wawo waonda.

Nkhope inali yanga, koma ntchito inali ya ambiri. Inu ojambula amene munkasenza kamera paphewa dzuwa likuswa mtengo, inu madalaivala amene munkatitulutsa m'matope a ku Chamama ndi ku Chulu nthawi ya dzinja, inu akonzi amene munkakhala mpaka usiku kudula zithunzi kuti zigwirizane ndi mawu anga: pamsika anthu ankapatsa moni ine, inu nkumakudutsani. Zimenezi zakhala zikundiwawa. Zikomo kwambiri.

Ndipo inu anthu a kuno kwathu, amene mudalola kamera kulowa pakhomo panu pa nthawi imene munthu safuna kuonedwa. Sindidzaiwala njala ya 2002. Boma lidalengeza mu February chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi, koma kuno anthu adali atayamba kale kudya gaga ndi zitsinde za nthochi, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Tidafika pamudzi wina pamene mayi wachikulire adatiyalira mphasa, natipepesa kuti alibe chotipatsa. Adayankha mafunso anga onse, kenaka nayenso adandifunsa ndine mwana wa yani. Nditatchula mudzi wathu adangoti ndiye ukanene zoona, chifukwa abale ako akudya zomwezi. Ku sukulu ya utolankhani adatiphunzitsa zambiri, koma mayi ameneyo ndiye adandiumba. Sindikudziwa ngati adaona nkhani yakeyo, poti m'mudzimo mudalibe kanema. Ngati ana ake kapena zidzukulu zake mukuwerenga, landirani kuthokoza kwanga.

Alimi a fodya, inunso zikomo. Kumsika wa Chinkhoma mudandionetsa mapepala a malonda anu, chinthu chimene ena sakaonetsa ngakhale kunyumba kwawo, kuti dziko lione chotsala akachotsa ngongole ya feteleza, mayendedwe ndi malipiro a matenanti. Amene ankati mlimi wa fodya ndi wolemera adatseka pakamwa ataona manambalawo. Chimodzimodzinso inu okhala m'malire a nkhalango ya Kasungu. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchokera ku Liwonde mu 2022, ambiri ankangokamba za kukongola kwake ndi alendo odzaziona. Inu mudatitenga kukationetsa minda yopondedwa ndi nkhokwe zogumulidwa. Ine njovu ndimazikonda, koma nkhani ya njovu yopanda mawu a mwini munda ndi nkhani yatheka.

Mafumu athu, mudatilandira ngakhale pamene mafunso athu sadali okoma. Ena mwa inu mudandikalipira, nkudzandiitananso mawa lake. Ndagwira mwendo.

Anzanga atolankhani amene mudamenyera lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma mpaka lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndikukuvulirani chipewa. Ife tidakalamba tikudikira pa benchi kuti bwana atuluke mumsonkhano. Achinyamata amene mwalowa ntchitoyi pano muli ndi foni yojambula bwino kuposa kamera zimene tidayambira, ndipo pamene ndidali chete ndinkakuonerani tsiku lililonse. Ena mukuthamanga kwambiri powerenga, agogo kumudzi sakukumvani, koma ntchito mukuigwira. Amene mudatenga pulogalamu yanga osadandaula, zikomo ana anga.

Bambo a kunyumba ndi ana athu, mudadya nsima yozizira zaka zambiri podikira munthu amene mukumuona pa kanema. Pano mwayamba kudandaula kuti ndachuluka pakhomo. Zolowerani.

Ambiri mwakhala mukuimba foni koma sindikuyankha. Musakhumudwe, adokotala akuti ndisamayankhule nthawi yaitali, choncho lembani uthenga pa WhatsApp kapena pano pa Facebook, ndiyankha mmodzimmodzi. Ophunzira utolankhani a kuno ku Kasungu amene mwapempha kuti ndizikuonerani nkhani zanu, ndavomera, tumizani. Ndipo mukamadutsa pa msewu wa M1 kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, patukani. Chaka chino talima mtedza ndi soya, simudzabwerera chimanjamanja.