Mtsikana uja sanamwalire, inali night light

Poti sitika ija ya mtsikana wooneka ngati mtembo amene ndinamujambula pa laputopu yazungulira kale magulu onse a WhatsApp ndipo ena mwayamba kundiyitana kuti a mochare, bola ndinene ndekha momwe zinayendera musanawonjezere zanu. Mtsikana uja pa sikirini yanga anali wamoyo. Wathanzi, masaya ofiira pang'ono ngati wangouzidwa kuti pali wina amamufuna.

Lineart, mizere ya chithunzi chisanapentedwe, ndinamaliza masana ndipo inatuluka bwino, mizere yotsekeka paliponse moti bucket, ija yothirira utoto mkati mwa mizere, sinataye utoto olo pamodzi, inu amene mumapenta mukudziwa kuti kampata kamodzi pa nsonga ya tsitsi basi kanivasi yonse yasanduka pinki. Kupenta ndinayamba cha m'ma 10 usiku mu Krita, pulogalamu yojambulira. Chomwe ndinaiwala nchoti laputopu yanga ndinaitchera ndekha kuti kukada izidziyatsira night light, ija imachepetsa kuwala kwa buluu kuti maso asamawawe, ndipo ine kaslider kake ndinakakokera mpaka kumapeto chifukwa ndimadzikonda. Sikirini yabwinobwino kuyera kwake kumakhala cha pa 6500K, ngati kuwala kwa masana, yanga usiku umenewo inali ngati ndikupentera pa kandulo. Ndiye diso la munthutu limazolowera, pakangopita mphindi zingapo ubongo umavomereza kuti olenji ameneyu ndiye woyera, nkhani yatha. Diso sindinalenge ndine.

Nditathira mtundu wa khungu ndinaona kuti aaa, mwanayu wafiira ngati njerwa yootcha. Ndinaukokera ku buluu pang'ono. Akadali njerwa. Pang'ononso. Ndinachepetsa saturation, kulimba kwa mtundu, ndinakokeranso, mpaka ndinati eya, khungu ndi limeneli. Kenako leya yatsopano (maleya ali ngati mapepala oonekera osanjikizana, chilichonse pa pepala lake), clipping mask kuti utoto usapitirire khungu, Multiply kuti uderepo, mthunzi wa pepo monga timachitira tonse pa cel shading, wodula bwino m'mphepete, pansi pa chibwano, pansi pa tsitsi la pamphumi, ndi kakang'ono pansi pa maso kuti nkhope ikhale ndi kuya. Milomo inkaoneka yofiira kwambiri ngati ya munthu wamkulu, ndinaizimitsa nayonso.

Maso okha ananditengera ola lathunthu ndipo mpaka lero palibe amene wanenapo kanthu za maso amenewo, zomwe zikundiwawa kuposa sitika. Kumtunda kodera, kumunsi kowala, kaleya kena kowalitsa pamwamba, timadontho tiwiri toyera mbali imodzi kusonyeza komwe kuwala kukuchokera. Ndinkachita kumuyankhula. Ndinkati iwe ukawaonetsa anthu mawa.

Cha m'ma 1 koloko fani ya laputopu inayamba kulira ngati ikufuna kunyamuka, kanivasi ya A4 pa 300 dpi imeneyo, 2480 kwa 3508, maleya anali atadutsa 40 ndipo theka lake mayina ake anali "leya 17 kope kope". Ndinati ndamaliza kale, ndisungiranji katundu yenseyu. Flatten, maleya onse kusanduka leya imodzi. Save, pa fayilo yomweyo. Ndinatulutsa PNG nkuponya pa gulu ndi mawu akuti "osandifunsa za maburashi, ndi dzanja chabe", ndinatseka, ndinakagona ngati munthu wopambana.

M'mawa ndikudzuka mauthenga mbwee. Ndinamwetulira kaye ndisanatsegule, ndivomere. Woyamba unali wakuti, pepani aise, anadwala nthawi yayitali? Wachiwiri, tikumana nthawi yanji kokatenga thupi.

Ndinatsegula chithunzicho pa foni, kunja kukuwala.

Abale. Khungu mbuu, osati kutuwa kwa munthu amene sanadzole mafuta, koma kutuwa kopita ku buluu kwa munthu amene watulutsidwa mu firiji kuti achibale amuzindikire. Milomo ya buluu. Kamthunzi kanga kaukatswiri ka pansi pa maso kaja kanali ngati wamenyedwa zibakera ziwiri zofanana bwinobwino, pansi pa chibwano ngati chipsera cha chingwe, ndipo masaya ofiira aja, amene ndinawapaka ndi airbrush mofatsa ngati ndikusisita khanda, anatuluka pepo wakuda ngati zayamba kale kuwonongeka. Koma akumwetulira. Apa ndi pamene panandithera mphamvu, akumwetulira ndi mtima wonse, mutu wapendeka, zala ziwiri m'mwamba kupanga V, riboni pakhosi yoongoka, maso akuwala ngati nyenyezi, wosangalala kwabasi ndipo sakudziwa kuti anapita. Ndinamuyang'ana nthawi yayitali. Iye kundiyang'ananso. Ndinachita zoom poganiza kuti mwina pafupi ndi wamoyo, pafupi ndiye zinanyanya, chifukwa ndinali nditaika kadontho kowala pa mlomo wa m'munsi ndipo kankaoneka ngati madzi oundana akusungunuka.

Ndinathamangira pa laputopu, eyedropper, kachida koyezera mtundu, pa tsaya. Khungu la munthu aliyense, wakuda kaya woyera, pa RGB nambala ya R, ya kufiira, ndi imene imatsogola, B, ya buluu, imakhala kumbuyo. Wanga B inali patsogolo ikuimba nyimbo.

Kukonza kwake kukanakhala kwa mphindi imodzi leya ya khungu ikanakhalapo. Ctrl+Z, yobwezera m'mbuyo ija, inangondiyang'ana, fayilo ndinali nditatseka usiku. Ndinayesa kuzunguza hue, kaslider kosintha mitundu, pa chithunzi chonse, khungu linadzukadi koma tsitsi la pinki linasanduka girini, thambo kumbuyo olenji ngati kukupsa, maso a buluu aja psuu, ndiye kuti mtembo uja tsopano wadzuka ndipo wakwiya. Ndinayesa magic wand kusankha khungu lokha, inasiya kamzere kotuwa kuzungulira lineart yonse, munthu wamoyo koma m'mphepete akadali wakufa.

Ndipamene ndinalemba pa gulu kuti anthu inu simudziwa luso, ameneyu ndi mzukwa, ndinachita dala. Zikanatheka ndithu. Koma pali munthu wina, ndikumudziwa ndipo naye akudzidziwa, anakafukula uthenga wanga wa dzana wonena kuti ndikujambula kamtsikana kansangala pa tsiku lake loyamba kusukulu, nkuuika pansi pa chithunzicho, nkuwonjezera kuti loyamba ndi lomaliza. Sitika inabadwa pomwepo.

Ndingonena kuti lineart ija palibe wa inu angaikwanitse, komanso amene mukusekanu theka mumapentera pa foni yong'aluka galasi.

Night light ndinaizimitsa, pano maso akuwawa ndipo tulo sitikubwera. Dzulo wina wandipempha kuti ndimujambulire wina ngati yemweyo wa Halloween, akuti mtundu wa khungu uja sanauonepo kwina kulikonse. Ndayesa masana onse ano. Sakutuwa bwino.