Tsiku lodikira uthenga wa ku Karachi

Lolemba, 3 Ogasiti 2015

Tsiku analiika kale, ndipo ndi mawa. Shafqat Hussain akuyenera kunyongedwa m'ndende yaikulu ya ku Karachi m'bandakucha wa Lachiwiri. Aka n'kachisanu chaka chino kumuikira tsiku. Mu Januwale anaimitsa, mu Malichi anaimitsa, mu Meyi chimodzimodzi, ndipo mu Juni uthenga woimitsa unafika kutangotsala maola ochepa. Choncho ndadzuka ndi kamtima koti aimitsanso. Kamtima kameneka sindikukakhulupirira kwenikweni, koma kalipo, ndipo kandiperekeza mpaka ku ntchito.

Kwa amene simunaitsatire nkhaniyi: Shafqat kwawo ndi ku chigwa cha Neelum, ku Kashmir wa mbali ya Pakistan. Anapita ku Karachi kukasaka ganyu, napeza ya ulonda pa nyumba ina yogona mabanja ambiri. Mu 2004 mwana wamwamuna wa zaka 7 wa pamalopo anasowa, kenako n'kupezeka atafa. Apolisi anagwira mlondayo. Khoti loweruza milandu ya uchigawenga linamupeza wolakwa, n'kumugamula kuti aphedwe. Maloya ake a lero, a bungwe la Justice Project Pakistan mothandizana ndi a Reprieve, akuti pa nthawiyo anali ndi zaka 14, ndipo anavomera mlandu atazunzidwa masiku 9 m'manja mwa apolisi. Boma likuti ayi. Nduna ya za m'dziko, Chaudhry Nisar Ali Khan, inalamula kuti za msinkhu wake zifufuzidwe, ndipo bungwe la boma lofufuza milandu la FIA linabwera ndi yankho loti anali ndi zaka 23. Pakati pa 14 ndi 23 pali zaka 9, ndipo moyo wa munthu wapachikika pamenepo, chifukwa lamulo la Pakistan lomwe, la chaka cha 2000, limaletsa kupereka chilango cha imfa kwa amene anapalamula asanakwanitse zaka 18. Loya amene boma linamupatsa pa mlandu woyamba uja sanaitchule n'komwe nkhani ya zaka.

M'mawa wonse ntchito sinayende. Msonkhano uli m'kati, ine foni kunsi kwa tebulo. Kulibe chatsopano, koma mawu omwewo a akatswiri a United Nations ndi a Amnesty International opempha kuti aimitse, ndi chithunzi chomwecho cha mnyamata wa nkhope yowonda chimene aliyense akugawana.

Pa nthawi yopuma masana mayi wina amene timagwira naye ntchito, wamkulu kwa ine ndipo ali ndi ana akeake, anaona kuti maganizo anga ali kwina. Nditawafotokozera anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Achimwene, inu mukulirira amene ali moyo. Nanga mwana wa zaka 7 uja amulirira ndani? Dzina lake mukulidziwa?" Ndinati, "Amayi, funso lanulo ndi loona, ndipo sindikufuna kulizemba." Makolo a mwanayo adikira zaka 11, ndipo nthawi iliyonse imene ife tikuomba m'manja kuti aimitsa, kwa iwo ndi bala lotukulidwanso. Iwo anapitiriza kuti mnyamata wa zaka 14 amadziwa kuti kupha n'kulakwa, ngakhale wa zaka 10 amadziwa. Apanso sindinawatsutse.

Chimene ndinayesa kuwauza, ndipo mwina pakamwa sichinatuluke bwino ngati mmene ndikuchilembera pano, n'chakuti lamulo loletsa kupha ana opalamula silinena kuti mwana sadziwa choipa. Limanena kuti munthu wa zaka 15 kapena 17 sanathe kupangika. Amachita zinthu mopupuluma, amatengeka ndi anzake, amaopa wapolisi mpaka kusaina chilichonse chimene amuikira patsogolo, ndipo amene adzakhale ali ndi zaka 30 ndi munthu wina amene sitinamuone. M'ndende akhalemo, zaka zambiri ngati n'koyenera. Koma chingwe chimatseka nkhani isanathe. Mayiko anagwirizana zimenezi kalekale: pangano la ufulu wa anthu pa za ndale ndi chikhalidwe la 1966, ndime 6, ndi pangano la ufulu wa ana la 1989, ndime 37, onse amati wopalamula asanafike zaka 18 asaphedwe. Amayiwo anangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ana ake ndi awiri pamenepa." Tinabwerera ku ntchito tisanagwirizane.

Madzulo nditafika kunyumba ndinayamba kuwerenganso nkhani za ena amene anadikirapo chonchi, mwina pofuna kudzilimbitsa mtima. Sizinandilimbitse.

Amene sachoka m'mutu mwanga ndi Napoleon Beazley wa ku Texas. Iyeyu mlandu wake unalibe chikayiko, ndipo sanaukane. Mu Epulo 1994, ali ndi zaka 17, anawombera John Luttig pakhomo pake mu mzinda wa Tyler pofuna kuba galimoto la Mercedes. Anali mnyamata wodziwika bwino pa sukulu yake ku Grapeland, wosewera mpira, wosankhidwa kutsogolera anzake, wosamangidwapo. Iye anali wakuda, ndipo anthu 12 onse amene anamva mlandu wake n'kugamula anali azungu. Mwana wa malemuyo, Michael Luttig, anali jaji wa khoti la apilo la boma la America, wodziwana ndi majaji a khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Choncho pempho loimitsa litafika kumeneko mu Ogasiti 2001, majaji atatu, Scalia, Souter ndi Thomas, anadzipatula. Otsalawo anagawikana atatu uku atatu uku, ndipo mavoti akafanana chotero pempho limagwa. Pa 15 Ogasiti, Beazley ali kale ku Huntsville kumene amabayira jekeseni wakupha, khoti la apilo la Texas linaimitsa kutatsala maola pafupifupi anayi. Ngakhale jaji amene anaweruza mlandu wake, Cynthia Kent, analembera bwanamkubwa Rick Perry kupempha kuti chilangocho achisinthe chifukwa cha msinkhu wake. Miyezi 9 inadutsa. Pa 28 Meyi 2002 anamupha.

Tsiku lomwelo, ku Missouri, khoti lalikulu la chigawocho linaimitsa kuphedwa kwa Christopher Simmons. Nayenso anali ndi zaka 17 pamene anapha, mu 1993, ndipo mlandu wake unali woopsa kuposa wa Beazley: anamanga mayi wina, Shirley Crook, n'kumuponya mu mtsinje wa Meramec kuchokera pa mlatho wa sitima ali moyo. Ngati pali woti anthu amumvere chisoni pakati pa awiriwa, si Simmons. Koma kuimitsa kwake kunakhalitsa. Mu 2003 khoti la Missouri linachotsa chilango cha imfa n'kumupatsa ndende ya moyo wonse, boma la chigawo linachita apilo, ndipo pa 1 Malichi 2005 khoti lalikulu la America linagamula, majaji asanu kutsutsana ndi anayi, kuti kupha munthu pa mlandu umene anapalamula asanafike zaka 18 n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Akaidi oposa 70 anachotsedwa pa mndandanda wa odikira imfa ndi chigamulo chimodzicho, ndipo chigawo chimene chinali ndi ochuluka kuposa zina zonse ndi Texas yemweyo. Beazley anaperewera zaka zosakwana zitatu.

Apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira usiku uno. Kuimitsa si kukhululuka. Sikunena kuti munthu ndi wosalakwa, sikuchepetsa chilango ngakhale ndi tsiku limodzi. Kumangogula nthawi. Ndipo nthawiyo imakhala ndi phindu pokhapokha chinachake chisinthe isanathe: lamulo, jaji, boma, kapena papezeke chikalata chimene chinasowa. Simmons nthawi yake inafika pa tsiku limene lamulo linasintha. Ya Beazley inathera panjira. Kusiyana kwawo sikunali kukula kwa mlandu kapena kulapa, kunali malire a chigawo ndi kalendala.

Ndipo pamene palibe chosintha, kuimitsa kumasanduka chilango china chimene palibe khoti linagamula. Taganizani zimene zimachitika nthawi iliyonse tsiku likaikidwa. Mkaidi amamuchotsa pakati pa anzake n'kumuika payekha. Abale amaitanidwa kudzatsanzikana, ndipo a Shafqat amachokera kumapiri a kumpoto kwenikweni kupita ku gombe la kumwera, ulendo wodula dziko lonse, anthu ake osauka. Amalira, amatsanzikana, kenako usiku wapakati wina amabwera kudzati lero ayi. Pakatha milungu ingapo zonse zimayambiranso. Ife a kunja timati "wapulumuka". Sindikudziwa ngati mwini wake angagwiritse mawu amenewo kachinayi.

Kuli kwina kumene ngakhale pepala loimitsalo silitchinjiriza. Delara Darabi wa ku Iran anali ndi zaka 17 pamene wachibale wa bambo ake anaphedwa mu 2003. Poyamba anavomera, pambuyo pake anati anavomera pofuna kuteteza chibwenzi chake, poganiza kuti iye monga mwana sangaphedwe. Mu Epulo 2009 mkulu wa makhoti onse a dzikolo analamula kuti aimitse kwa miyezi iwiri. Pa 1 Meyi, masabata awiri asanakwane, anamunyonga m'ndende ya ku Rasht, loya wake osauzidwa.

Ku Pakistan komweko chaka chino zinthu zikuthamanga. Kuyambira 2008 dzikolo linali litaleka kunyonga anthu wamba. Kenako pa 16 Disembala 2014 zigawenga za Taliban zinalowa pa sukulu ku Peshawar n'kupha anthu pafupifupi 150, ana oposa 130. Mkwiyo wa dziko lonse unali womveka, ndipo boma la Nawaz Sharif linatsegulanso zingwe, poyamba kwa a milandu ya uchigawenga okha, pofika mu Malichi kwa onse. Chiyambire pamenepo anyonga anthu oposa 150, ndipo odikira alipo oposa 8,000. Chondipweteka n'chakuti imfa ya ana a sukulu ndiyo yatsegula njira yoti aphedwe ena amene mwina anamangidwa ali ana. Shafqat sanakhalepo m'gulu la zigawenga. Mlandu wake unangopita ku khoti la uchigawenga chifukwa ankamuimba mlandu wakuba mwanayo pofuna dipo, ndipo milandu yotero imaweruzidwa kumeneko. Ndipo mu Juni muja, ife tikusangalala kuti wake aimitsa pa 9, m'mawa mwake pa 10 ku Lahore ananyonga Aftab Bahadur, amene maloya ake ankati anali ndi zaka 15 pamene anamangidwa mu 1992. Anakhala m'ndende zaka zoposa 22. Dzina lake silinamveke ngati la Shafqat, ndipo ambirife tinalimva atapita kale.

Pa nkhani ya zaka ndili ndi maganizo anga, ndipo ndi olimba. M'dziko limene ana ochuluka, makamaka a kumidzi, salembedwa m'kaundula akabadwa, kufunsa mkaidi wosauka kuti abweretse umboni wosakayikitsa wa tsiku lake lobadwa n'kumufunsa chimene boma lomwelo silinamupatse. N'kutheka kuti a FIA akunena zoona. N'kuthekanso kuti banja ndi limene likunena zoona. Koma zolakwa ziwirizi sizifanana kulemera. Mukasunga m'ndende munthu amene anali ndi zaka 23, mwataya chiyani? Akadali m'ndende. Mukanyonga amene anali ndi zaka 14, madzi akatayika saoleka. George Stinney wa ku South Carolina anaphedwa pa mpando wamagetsi mu 1944 ali ndi zaka 14, ndipo khoti linafafaniza chigamulo chake mu Disembala chaka chathachi, patapita zaka 70. Pepala limenelo linathandiza abale ake okalamba, mwini wake ayi.

Usiku. Kwamveka kuti boma la Kashmir wa mbali ya Pakistan latumiza pempho kwa Pulezidenti Mamnoon Hussain kuti achedwetse, kufufuza kupitirire. Aka ndi kanthu koyamba katsopano lero lonse. Pa Twitter anthu akulemberana ngati kuti zatheka kale, ena akuti dikirani kaye. Ku Karachi tsiku latembenuka, ndi Lachiwiri tsopano. Kumeneko amanyonga kusanache, choncho amene ali ndi mphamvu yosaina ali ndi maola ochepa, ndipo mwina ali mtulo. Mchemwali wanga anaimba foni pa zina, n'kundifunsa chifukwa chake mawu anga akumveka otopa. Nditamuuza anati, "Achimwene, kagoneni, kukhala maso kwanu sikusintha kanthu ku Pakistan." Akunena zoona. Ndakhalabe.

Lachiwiri, 4 Ogasiti, m'mawa

Sanaimitse. Akuluakulu a ndende atsimikiza kuti Shafqat Hussain wanyongedwa kusanache, ndipo thupi laperekedwa kwa abale ake kuti apite nalo ku Kashmir. Pempho la usiku lija silinasinthe kanthu.

Amayi aja anandipeza pa khomo la ofesi, anali atamva kale pa wailesi. Sanandiuze kuti chilungamo chachitika, inenso sindinayambe mtsutso. Anangofunsa kuti, "Ndiye pamapeto pake anapeza kuti anali ndi zaka zingati?" Ndinawayankha kuti boma likadali pa 23, banja likadali pa 14, ndipo palibe khoti limene lidzafunsenso.